Mbiri ya Matondo ku Bowe ndi Madera Ozungulira

Mvula yoyamba ikamayandikira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mitengo ya mtondo imaphuka masamba anthete, ndipo ndi pa masamba amenewa pamene matondo amakulira. Matondo ndi mbozi zoswedwa ndi agulugufe akuluakulu ouluka usiku. Akatswiri amaziika m'banja limodzi ndi mbozi zina za ku India zimene zimapota ulusi wa silika, koma matondo sapereka ulusi: akakhwima amatsika mumtengo nakaloŵa m'nthaka. Kwa Acheŵa a ku Bowe, phindu lake linali ndiwo.

Kale nkhalango inali pakhomo. Amayi ndi ana ankatola matondo, kuwafinya, kuwafutsa ndi mchere ndi kuwayanika padzuŵa. Ankafika pa nthaŵi yabwino, pamene nkhokwe zayamba kupepuka ndipo nkhwani sunaphuke.

Zinthu zinasintha ndi fodya. Fodya wa chikopa anafuna nkhuni, zigafa zinafuna mitengo, ndipo maesiteti amene anachuluka m'zaka za m'ma 1970 anagwetsa thengo lambiri m'chigawo chapakati. Mitondo yochuluka inatsalira m'malo otetezedwa monga nkhalango ya Ntchisi ndi ya Kasungu, imene inasanduka paki mu 1970. Wotola matondo mmenemo tsopano anali wolakwira lamulo. Ndiwo ya makolo inasanduka yakuba, ndipo munthu wotola mwamantha sakwera mumtengo: amaudula kuti athaŵe msanga. Motero lamulo lofuna kuteteza mitengo nthaŵi zina linkaiphetsa.

Mu 1990 nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inalola mabanja 173 ozungulira paki ya Kasungu kuloŵa kukatola mbozizi. Kafukufuku wa Munthali ndi Mughogho, wofalitsidwa mu 1992, anasonyeza kuti mabanjawo anapeza ndalama zooneka, komanso kuti nthaŵi yotentha tchire ili ndi mbali yaikulu pa kuchuluka kwa mbozi. Moto wolusa wa m'chilimwe umapsereza mazira ndi masamba omwe.

Kwina anthu anapita patsogolo. Kumadzulo kwa dziko la Congo, alimi amatenga timbozi tating'ono kuthengo nakatiika pa mitengo ya pafupi ndi nyumba, kumene amatiteteza ku mbalame mpaka titakula. Ena amasiya mbozi zingapo kuti ziloŵe m'nthaka, zidzaswenso chaka chamaŵa. Kuŵeta kotere sikufuna khola kapena madeya, koma ku Bowe kungafune chinthu chimene fodya anatenga: mtondo woimirira pafupi ndi mudzi.