Perpetua wa ku Carthage

M'chaka cha 203, Septimius Severus ali pampando wachifumu wa Aroma, mumzinda wa Carthage, umene mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis, munagwidwa kagulu ka ophunzira Chikhristu oyembekezera ubatizo. Ndipo pakati pawo panali Vibia Perpetua, mayi wa zaka ngati 22, wa m'banja lomveka, ali ndi khanda kubere, pamodzi ndi Felicitas, mdzakazi amene anali woyembekezera.

Ambiri posimba nkhaniyi amathamangira ku zilombo za m'bwalo, koma ine ndiyesa kuti chiyeso choposa chinali atate a Perpetua. Nkhalambayo itabwera koyamba kudzamubweza, Perpetua analoza mtsuko umene unali pomwepo, nanena kuti monga mtsukowo sungatchedwe ndi dzina lina, iyenso sangadzitche kanthu kena koma Mkhristu. Chibale ndi fupa, sichiwola. M'dalayo anabweranso kundende, nagwa pamapazi a mwana wake, nampsompsona manja, namudandaulira kuti achitire chifundo imvi zake ndi khanda lija, popeza chofunika chinali nsembe imodzi yokha yopempherera mafumu. Izi tikuzidziwa chifukwa Perpetua mwini anazilemba ali m'ndende, osabisa kuti mdima ndi kutentha kwa m'menemo zinamuopsa, ndi kuti mtima unakhala pansi pokhapokha atamulola kukhala ndi mwana wake.

Nkhawa ya Felicitas inali ina. Lamulo silinkalola kupha mayi wapakati, ndipo iye ankaopa kutsalira anzake atapita; koma atapemphera pamodzi, anachira mwana wamkazi m'mwezi wachisanu ndi chitatu, mlongo wina wa mumpingo namutenga kukamlera.

Woweruza Hilarianus atagamula mlandu, anawatulutsira m'bwalo pa masewera okondwerera kubadwa kwa Geta, mwana wa mfumu, ndipo mpingo umawakumbukira pa 7 Malichi. Akaziwo anawatumizira ng'ombe yaikazi yolusa. Itamugwetsa, Perpetua anakoka chovala chake chong'ambika nabisa ntchafu, napempha chomangira tsitsi, pakuti tsitsi lomasuka linali chizindikiro cha maliro, ndipo iye sanafune kuoneka wolira tsiku limenelo. Kenaka anatambasula dzanja nadzutsa Felicitas. Pomaliza, mnyamata wa lupanga, amene anali asanazolowere ntchitoyo, analasa Perpetua pafupa, ndipo mayiyo anagwira dzanja lonjenjemeralo nalilunjikitsa pakhosi pake.