Lysine: Muyezo Wake ndi Cenjezo kwa Ogula Mapiritsi

Lysine ndi imodzi mwa ma amino acid 9 amene thupi la munthu silingathe kudzipangira lokha. Imathandiza pomanga minofu ndi pa kakulidwe ka ana. Cimanga, comwe ndico cakudya cacikulu m'maboma a Chipata, Katete ndi Chadiza, cili ndi lysine yocepa, motero banja lodalira nsima ndi ndiwo zamasamba zokha lingathe kuperewedwa.

Malinga ndi lipoti la mabungwe a WHO, FAO ndi UNU la m'caka ca 2007, munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 30 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Wolemera makilogalamu 60 amafunika mamiligalamu 1,800. Muyezowu umawerengera ndi zakudya zomwe, ndipo nyemba, soya, kapenta, mazira ndi mkaka zingathe kuukwaniritsa popanda piritsi.

Mapiritsi ambiri amakhala a mamiligalamu 500 kapena 1,000. Kumwa mopitirira muyezo kungayambitse nseru, kupweteka ndi kutsegula m'mimba. Odwala impso, amayi apakati ndi oyamwitsa ayenera kufunsa dokotala coyamba, ndipo ana asapatsidwe popanda uphungu wa kucipatala.

Komwe mapiritsi acokera nakonso nkofunika. M'caka ca 1989, anthu oposa 1,500 anadwala ku America atamwa amino acid ina yochedwa tryptophan yomwe sinapangidwe bwino, ndipo ena anamwalira. Muno m'Zambia, bungwe la ZAMRA ndilo limapereka cilolezo kwa ogulitsa mankhwala. Gulani kwa okhawo amene ali naco, ndipo onani tsiku lothera mphamvu pa botolo.