Bambo Jairos Jiri wa ku Bulawayo: Munthu Amene Anatola Otayika

Lero ndifuna kukamba nanu mbiri ya munthu mmodzi wa ku Bulawayo, amene anayamba nchito yaikuru alibe cuma, ndiponso asanaphunzire kwambiri. Koma tisanafike pa munthuyo, tiyeni tiyambe takumbukira mwambo wa makolo athu.

Kale m'midzi mwathu, munthu akadwala pa nyengo ya kulima, munda wace sunali kugonera. Anansi anali kubwera ndi makasu ao mmamawa, nalima tsiku lonse. Acewa acicha cinthu cimeneci dima, Ashona ati nhimbe, ndipo Andebele ati ilima. Panalinso mau ena okoma, akuti thangata, ndiko kunena kuti kuthandiza mnzako. Koma m'minda ya Azungu ya ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu mau amenewa anaipitsidwa, nasanduka dzina la nchito yokakamiza imene anthu anali kulipira nayo malo okhalapo. Thangata wotereyu anali cimodzi ca zifukwa za nkhondo ya John Chilembwe m'caka ca 1915, ndipo sanathe kufikira caka ca 1962. Apa tiphunzirapo kuti thandizo likhala thandizo pokhapo pamene licokera mu mtima. Likacokera ku lamulo la mwini mphamvu, lasanduka ukapolo.

Tsono anthu atayamba kupita ku mizinda kukafuna ndalama ya msonkho, mwambo wa dima unatsala kumudzi. Njanji inafika ku Bulawayo m'caka ca 1897, ndipo mzindawo unadzaza ndi alendo a mitundu yambiri. Ambiri a iwo anali a kwathu ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, ogwira nchito pa njanji, m'mafakitale ndi m'nyumba za Azungu, ndipo anali kugona m'lokeshoni yakale ya Makokoba. Mu mzinda munali kufunika munthu wa manja awiri ndi maso awiri. Wakhungu kapena wopunduka analibe malo. Anali kukhala m'mbali mwa mseu ndi kambale, kudikira kobiri la wodutsa.

Jairos Jiri anabadwa m'caka ca 1921 ku Bikita, dziko la mapiri kum'mawa kwa Fort Victoria, mzinda umene lero uchedwa Masvingo. Sukulu anangoilawa pang'ono. M'caka ca 1939 anafika ku Bulawayo monga mnyamata wina ali yense wofuna nchito, nagwira nchito zonyozeka za malipiro ocepa. Pa nthawi ya Nkhondo Yaciwiri ya dziko lonse anali kutsuka mbale pa msasa wa asilikali, ndipo kumeneko anaona kuti munthu wobvulala angathe kucira ndi kuphunziranso nchito, ngati pali wina womsamala.

Anthu zikwi zambiri anali kudutsa opemphapempha aja tsiku ndi tsiku. Ena anali kuponya kobiri, ena anali kuyang'ana kumbali. Jiri anaima, nayamba kuwafunsa maina ao ndi kwao. Pambuyo pace anatenga ena napita nao ku kanyumba kace, nagawana nao nsima yogula ndi malipiro ace. Taganizani, abale anga, kulemera kwace kwa cinthu cimeneci. M'lokeshoni cipinda cimodzi cinali kugona anthu ambiri, ndipo malamulo a mapasi anali obvuta. Ndiponso anthu ambiri masiku amenewo anali kukhulupirira kuti kupunduka kudza ndi ufiti kapena ndi cimo la makolo, kotero kuti ena anali kubisa ana otere kuseri kwa nyumba. Wolowetsa wopunduka m'nyumba mwace anali kuoneka ngati wodziitanira tsoka.

Koma mutu umodzi susenza denga. M'caka ca 1950 Jiri pamodzi ndi anzace anakhazikitsa bungwe, limene pambuyo pace linadziwika ndi dzina lakuti Jairos Jiri Association. Dzina lace loyamba linachula malo awiri, Bulawayo ndi Bikita, mzinda ndi mudzi. Nzeru yace inali iyi: munthu asangopatsidwa cakudya ca lero, koma aphunzire nchito ya manja yoti adye nayo mawa. Anayamba ndi nchito ya zikopa ndi kusoka nsapato, ndipo akuru a mzinda wa Bulawayo anamthandiza ndi malo. M'caka ca 1959 anatsegula nyumba zophunzitsiramo nchito ku Nguboyenja, ndipo caka comweco analandira ulemu wa M.B.E.

Mbiri inamveka m'midzi yakutali, ndipo makolo anayamba kuturutsa ana amene anali kuwabisa. Nchito inafalikira ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, ku Gwelo, ndiye Gweru, ndi ku malo ena ambiri: masukulu a akhungu ndi ogontha, nyumba za ana opunduka, minda, ndi masitolo ogulitsamo madengu, zosema ndi zina zopangidwa ndi manja a ophunzira. M'caka ca 1975 Jiri anaonana ndi Papa Paul VI, ndipo m'caka ca 1977 University of Rhodesia inampatsa digiri yaulemu, iye amene sanatsirize ngakhale sukulu yoyamba. Anthu anangomucha Baba, ndiko kunena kuti Atate.

Tsopano tifunse: cinamlimbitsa mtima nciani zaka zonsezi? Poyamba panalibe malipiro, panalibe ulemu, koma citonzo. Ine ndiyesa kuti kwa anthu otere kutumikira kuli ngati pemphero. Mkristu aphunzitsidwa kuti cimene acitira mlendo ndi wodwala acitira Mulungu. Msilamu apereka sadaka osaliza lipenga. Makolo athu anali kunena kuti wouma mtima alibe umunthu, ndipo Ashona ati hunhu, Andebele ati ubuntu. Njira zonsezi zikomana pamodzi: munthu amene asambitsa wodwala wosakhala mbale wace atsukanso mtima wace wa iye mwini, ndipo kunyada kwace kucepa tsiku ndi tsiku monga sopo m'madzi.

Komabe mbiri yoona siibisa mbali yowawa. M'zaka za m'ma 1970 ena mwa anyamata amene anakulira ku Nguboyenja anayamba kudandaula. Anati iwo tsopano ali akuru, koma acitidwabe ngati ana, ndipo zonse za moyo wao ziweruzidwa ndi anthu ena. Anakhazikitsa bungwe lao-lao la anthu opunduka, lodzilankhulira okha. Mmodzi wa iwo anali Joshua Malinga, amene anapunduka miyendo ali mwana, naleredwa m'manja mwa bungwe la Jiri. Pambuyo pace iye anakhala mtsogoleri wa bungwe la Disabled Peoples' International, ndipo m'zaka za m'ma 1990 anakhala Meya wa mzinda wa Bulawayo. M'caka ca 1992 Zimbabwe inapanga lamulo loteteza anthu opunduka.

Ena angayese kuti anyamata aja anali osayamika. Ine sinditero. Mlimi wobzala mtengo sadandaula pamene mtengowo wampitirira msinkhu. Mayeso akuru a wothandiza sali pa tsiku limene atola munthu pa mseu, koma pa tsiku limene munthuyo aimirira ndi kunena kuti, tsopano ndilankhula ndekha. Amene athandiza kuti ayamikidwe apsa mtima tsiku limenelo. Koma amene atumikira cifukwa ca Mulungu ndi ca umunthu aona kuti nchito yace yabala.

Jairos Jiri anamwalira pa 12 November 1982, ndipo anaikidwa kwao ku Bikita, pakati pa anthu a mudzi wace. Bungwe lace likali kugwira nchito, ndipo masiku ano lipitanso m'midzi momwe, kuthandiza mabanja kuti mwana wopunduka akule pakati pa abale ace, osatumizidwa kutali.

Inu amene mukumvera ku Dedza, ku Chipata kapena ku Makokoba, mudziwa nokha nyumba ya m'mudzi mwanu imene denga lace likudontha, ndi nkhalamba imene munda wace sunalimidwe caka cino. Jiri sanadikire kalata ya boma kapena thumba la ndalama. Anayamba ndi mbale imodzi ya nsima ndi mphasa imodzi. Mvula isanagwe, itanani anzanu awiri kapena atatu, tengani makasu, ndipo pofika kumeneko yambani mwafunsa mwini mundayo cimene iye afuna. Tsalani bwino.