Denga la Munthu Waulumali: Mbiri Yochokera ku Mbulumbuzi

Woyenda pa msewu wa Blantyre kupita ku Zomba amadutsa pa Mbulumbuzi m'boma la Chiradzulu. Akapitirira pang'ono, cha ku Namadzi, amapeza njira yolowera ku Magomero. Dera limeneli likhoza kutiphunzitsa zambiri za m'mene munthu waulumali wakhala akusowera, komanso kupezera, pogona.

Makolo athu m'derali ankatsata mwambo wa chikamwini. Malo ankachokera kuchikazi, ndipo mwinimbumba ankaonetsetsa kuti aliyense, wamphamvu kapena wolumala, ali ndi kanyumba pamudzi. Paja amati lungalunga n'kobadwa, chilema chichita kudza.

Zinthu zidasintha atsamunda atalanda malo. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, munthu ankalipira malo okhala pogwira thangata. Nyumba idasanduka malipiro a thukuta, ndipo wolephera thangata ankatha kuthamangitsidwa. Nanga wakhungu kapena wosayenda akadalipira ndi chiyani? Nkhanza za thangata ndi zina mwa zomwe zidautsa John Chilembwe wa ku Mbombwe mu 1915.

Dziko litalandira ufulu, boma lidakhazikitsa lamulo la anthu olumala mu 1971, lomwe lidabala bungwe la MACOHA. Bungweli lidayendetsa sukulu ya ntchito zamanja ku Magomero komweko, komanso fakitale yoluka nsalu ku Bangwe. Ganizo lidali lakuti munthu akakhala ndi luso adzadzimangira yekha nyumba. Koma luso silibala malo, makamaka ku Chiradzulu kumene anthu ndi othithikana ndipo minda ndi yochepa.

Lamulo la 2012 lidabweretsa chilankhulo chatsopano: chithandizo kwa munthu waulumali si chifundo ayi, koma ufulu wake. Posakhalitsa mawuwa adayesedwa. Kuyambira mu 2014 anthu achialubino adayamba kuphedwa mochuluka, ena atawathyolera nyumba zosalimba usiku. Boma lidayamba kuwamangira nyumba zolimba, povomereza kuti chitseko chabwino chimateteza moyo.

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 1,000 m'Malawi ndi kusiya ena oposa 600,000 opanda pokhala. Ku Chiradzulu, matope ndi miyala zochokera kuphiri zidakokolola mudzi wa Ntauchira. Pa tsoka lotere, wosayenda sathawa msanga, wosamva samva mfuu ya anzake, ndipo kumsasa chimbudzi chimakhala patali.

Mu 2024 lamulo latsopano lidalowa m'malo mwa a 1971 ndi 2012, ndipo MACOHA idasanduka MACODA. Komabe mbiriyi ikusonyeza kuti lamulo palokha silifolera denga. Munthu waulumali amakhazikika pakakhala zinthu zitatu: malo amene wachibale sangamulande, nyumba yolimba yomwe njinga yake ingalowe, ndi ntchito yomudyetsa. Chimodzi chikasowa, posachedwa timamupezanso akugona pakhonde la sitolo.