Njerwa ndi Makonde: Mbiri ya Nyumba Zakale za ku Dowa ndi Ntchisi

Matauni ang'onoang'ono a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sanamangidwe potsata pulani ya munthu mmodzi, koma anakula pang'onopang'ono mozungulira mishoni, ofesi ya bwanamkubwa wa atsamunda kapena mzere wa masitolo, ndipo amene angayende lero pa Mvera, pa Mponela, pa Madisi kapena pa Chisepo akhoza kuzindikira chimene chinabala malowo poyang'ana nyumba zakale zimene zatsala. Zimenezi zisanadze, Achewa a m'derali ankamanga nyumba zozungulira za mitengo, zomata dothi ndi zofolera udzu, ndipo pa nthawi ya nkhondo za Angoni midzi ina inkazingidwa ndi machemba, ndiwo malinga a dothi otchinjiriza adani. Nyumba zotero sizinkakhalitsa, poti chiswe ndi mvula zinkazibwezera ku nthaka zisanathe zaka zambiri.

Njerwa zootcha zinafala ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. M'chaka cha 1889 abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikika pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe kwa Msakambewa, pamene lero pali sukulu ya sekondale yotchedwa dzina lake. Ku Ntchisi mishoni ya Chinthembwe inatsatira mu 1910. Mamangidwe a pa malo onsewa anali ofanana: makoma ochindikala a njerwa zolumikiza ndi matope, popeza simenti inali yosowa, mazenera aatali olowetsa mphepo, ndi khonde lalikulu la zipilala limene ntchito yake yeniyeni inali kuteteza khoma ku mvula yowomba. Poumba njerwazo, dothi linkapondedwa ndi mapazi m'nkhuti, kenaka linkathiridwa m'chikombole, ndicho kabokosi ka matabwa koumbira njerwa, ndipo njerwazo zikauma pansi pa udzu zinkasanjidwa kukhala uvuni wa makomo angapo n'kuwotchedwa usana ndi usiku mpaka zitafiira. Pa njerwa zina za nthawi imeneyo mpaka lero pamaoneka zidindo za zala za woumba.

Apa ndi pamene mbiri yolembedwa imaperewera kwambiri. Mabuku a mishoni anasunga maina a abusa ndi zaka zimene anafika, koma oumba njerwa, ocheka matabwa ndi amisiri amene anakweza makoma, amene anali anthu a m'midzi yomweyo, kawirikawiri sanatchulidwe, chonsecho luso limene anaphunzira pamenepo ndi limene linasintha maonekedwe a midzi yonse ya m'derali, pamene aphunzitsi ndi akulu a mpingo anayamba kudzimangira nyumba za ngodya zinayi. Samuel Josiah Ntara, mlembi amene anaphunzira m'sukulu za mishoni yomweyi, ndi mmodzi wa ochepa amene anaona kusinthaku ndi maso a mwini dera, makamaka m'buku lake la moyo wa mfumu Msyamboza ya ku Chibanzi.

Boma la atsamunda linasiya nyumba zochepa koma zolimba, monga maofesi akale a pa Dowa ndi nyumba ya mu 1914 ya m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, imene inali yopumuliramo bwanamkubwa wothawa kutentha kwa ku Nkhotakota ndipo tsopano ndi malo ogona alendo. Ntchisi yeniyeniyo kale inkatchedwa Visanza.

Nyumba zimene zinaumba nkhope ya misika zinali masitolo a amwenye, amene anafika potsata ndalama za fodya wa chikopa pamene ulimi wake unakula m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920. Sitolo yotere inkakhala ndi khonde lokwera kutsogolo, pamene telala ankakhala ndi makina ake kudikira ogula nsalu, chipinda chogulitsiramo chokhala ndi kauntala yaitali, ndi nyumba ya banja kumbuyo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalamula amalondawa kuchoka m'madera a kumudzi n'kupita m'mizinda ikuluikulu, ndipo masitolowo anagwera m'manja ena. Ena anasanduka zigayo, malo omwera mowa kapena mosungiramo mbewu, ena anagumuka. Msewu wa M1 nawo unakokera malonda ku Mponela ndi Madisi, kumene nyumba zakale zimagwetsedwa msanga chifukwa malo ndi a mtengo wapatali, pamene pa boma la Dowa, pamene panatsalira kumbali, zambiri zinapulumuka chifukwa chosowa wozisirira.

Si nyumba zonse zakale zimene zimakumbutsa zokoma. Dzaleka, amene kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, poyamba anali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale ndi chipembedzo, ndipo mbiri imeneyo iyenera kusungidwa mofanana ndi ya matchalitchi, pakuti nayonso ndi ya anthu a dziko lino.

Malawi ali ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, koma lamulo silimata mng'alu wa khoma kapena kusintha lata lodontha. Nyumba zambiri zimene zaima mpaka lero ndi zimene zikugwirabe ntchito, monga tchalitchi chopemphereramo, kalasi yophunziriramo ndi sitolo yogulitsiramo, ndipo ngozi yaikulu imadza ndi kukonza kosaganizira, pamene njerwa zakale zimakutidwa ndi pulasitala wa simenti amene amatsekera chinyontho m'kati n'kufumbutsa khoma. Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, sinodi ya Nkhoma ndi mafumu akuyenera kulemba kaundula wa nyumbazi, kuzijambula ndi kufunsa okalamba maina a amisiri amene anazimanga, okalambawo akadali moyo.