Kudzizimbaitsa kwa anthu a ku Britain kudachokera kuti?

Okutobala akamapita kumapeto, masitolo a kuno ku Britain amadzaza zigaza za pulasitiki, zipewa zosongoka za afiti ndi maungu osemedwa maso ndi kamwa. Munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi amadzidzimuka, ndipo nkomveka. Ife tidakulira kumene nkhani ya ufiti siseweretsedwa, kumene agogo atha kuthamangitsidwa pamudzi chifukwa chongoganiziridwa. Ndiye kuona kamwana ka zaka zisanu katavala ngati mfiti, amake akukajambula uku akumwetulira, mutu umaima. Sizithera pomwepo. M'Malichi sukulu imatumiza kalata yoti mwana abwere atavala ngati munthu wa m'buku, ndipo m'Disembala anzanu a kuntchito akuitanirani ku phwando la fancy dress, loti aliyense afike atasanduka munthu wina. Anthu ake ndi omwewa amene m'basi amakhala duu osayang'anana.

Mwambowu udachokera mbali ziwiri zomwe poyamba sizinkakhudzana: kunyumba za mafumu ndi kumakomo a amphawi. Kuzisiyanitsa kumathandiza kholo kudziwa choti lilole ndi choti likane.

Tiyambe ndi mafumu. Mu Januwale 1510 Henry VIII, ali ndi zaka 18, adalowa m'chipinda cha mkazi wake Catherine wa ku Aragon pamodzi ndi anzake, onse atavala ngati gulu la Robin Hood, mbava ya m'nthano yobisala m'nkhalango. Adavina kenako nkuchoka. Zoterezi zidali makamaka masewera a kubwalo la mfumu mpaka m'ma 1710, pamene John James Heidegger, wochokera ku Switzerland, adaona kuti muli ndalama. Adayamba kugulitsa matikiti a madansi a zigoba pa nyumba ya zisudzo ya ku Haymarket mu London, potengera zomwe zinkachitika ku Venice. Aliyense wokhala ndi tikiti ankalowa, atafunda mkanjo wautali ndi chigoba kumaso.

Apa mpamene pali gwero lenileni la nkhaniyi. Britain ya nthawi imeneyo idali dziko loti chovala chako chinkanena kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo malire pakati pa bwana ndi wantchito sankalumphika. Chigoba chinkafafaniza zonsezo kwa usiku umodzi. Mayi wapabanja ankatha kuyankhula ndi amene wamufuna, mwamuna kuvala ngati mkazi, mwana wa wamalonda kuvina ndi mkazi wa nduna osadziwika. Atsogoleri a mpingo adaona ngozi yake. Bishopu wa London, Edmund Gibson, adalalikira motsutsa madansiwa mu 1724, ndipo chaka chomwecho wojambula William Hogarth adatulutsa chithunzi chodzudzula khamu lothamangira kumeneko. Anthu sadasiye. M'ma 1760 Teresa Cornelys, mayi woimba wochokera ku Venice, ankachititsa maphwando otchuka kwambiri a mtunduwu ku Carlisle House mu Soho Square, mpaka ngongole zidamugwetsa, nkukafera m'ndende ya Fleet mu 1797. Ine ndimaona kuti ludzu lomweli lidakalipo. Mnzanu wa kuntchito amene chaka chonse amangoti moni ndi mutu, akavala ngati nthochi kapena woyendetsa sitima ya m'madzi amamasuka, amaimba, amakukumbatirani. Chovalacho chimamupatsa chilolezo chomwe chikhalidwe chake chimamumana masiku ena onse. Mukaonera mpikisano wa darts ku Alexandra Palace kapena London Marathon mudzaona zomwezo.

Mfumukazi Victoria ndiye adausambitsa mwambowu kuti ukhale waulemu. Zigoba zidachoka, kudatsala zovala za mbiri yakale, nkhope zili poyera. Pa 12 Meyi 1842 iye ndi mwamuna wake Albert adaitana alendo pafupifupi 2,000 ku Buckingham Palace. Albert adavala ngati mfumu Edward III, Victoria ngati mkazi wake Philippa. Ankati cholinga china nkuthandiza owomba nsalu za silika a ku Spitalfields, omwe malonda awo adali atalowa pansi, koma chidali chaka cha njala ndi ulova, ndipo mu Ogasiti antchito a m'mafakitale ambiri adanyanyala ntchito. Phwando lomwe limatchulidwa kwambiri ndi la pa 2 Julayi 1897 ku Devonshire House, pokondwerera zaka 60 za ufumu wa Victoria. Mwini phwando, Duchess wa ku Devonshire, adavala ngati Zenobia, mfumukazi ya ku Palmyra, diresi yake itasokedwa ndi kampani ya Worth ku Paris. Ena adabwera ngati Cleopatra, ena ngati mfumukazi ya ku Sheba, ndipo wojambula zithunzi adamanga tenti m'munda kuti aliyense ajambulitse. Nthawi imeneyo dziko lathu linkatchedwa British Central Africa Protectorate. Anthu amene ankavala ufumu wa mayiko ena ngati choseweretsa usiku umenewo ndi a m'gulu lomwe linkalamulira mayiko enieniwo masana.

Mbali ya amphawi ndi ina, ndipo ndi imene ndimaikonda. Kuno ku Scotland amaitcha guising. Usiku wa Halloween, pa 31 Okutobala, ana ankavala zigamba kapena zovala za akuluakulu, nkudzipaka mwaye kumaso, nkumayenda khomo ndi khomo. Koma sankalandira chaulere. Mwana ankayenera kuimba nyimbo, kulakatula ndakatulo kapena kunena nthabwala, ndipo akatero ankapatsidwa apulo, mtedza kapena kandalama. M'madera ambiri zidakali chomwechi: mwana akagogoda, mwini nyumba amayamba wamufunsa kuti wakonza chiyani. Nyali zawo ankasema kuchokera ku turnip, ndiwo ya kuno yobereka pansi pa nthaka, yolimba ngati chinangwa cha makaka, moti kuisema kunkatupitsa manja.

Tsikuli lili ndi mizu iwiri. Kwa anthu olankhula Gaelic ku Ireland ndi Scotland, kuyamba kwa Novembala kudali Samhain, kutha kwa zokolola ndi kulowa kwa nyengo yozizira ya mdima, nthawi yomwe anthu ankakhulupirira kuti mizimu imayendayenda. Mpingo nawo udaika tsiku la Oyera Onse pa 1 Novembala ndi lokumbukira omwalira pa 2 Novembala, ndipo m'madera ena a England amphawi ankayenda m'makomo kupempha timikate, nkulonjeza kupempherera akufa a m'nyumbamo. Mkhristu amene zimenezi sizimusangalatsa asadzione ngati wotsalira. Mpingo wa Presbyterian wa ku Scotland, komwe kudachokera amishoni a Blantyre ndi Livingstonia, unkalanga anthu odzizimbaitsa pa nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Mkanganowu ngwakale pakati pa eni dziko okha.

Maungu ndi mawu oti trick or treat, omwe ana amanena akagogoda pakhomo, zidachita kubwerera kuchokera kutsidya kwa nyanja. Anthu a ku Ireland ndi Scotland adasamukira ku America ambirimbiri m'ma 1800, makamaka pa njala ya mbatata ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852. Kumeneko adapeza dzungu, losavuta kusema, ndipo patapita nthawi makampani a maswiti ndi zovala adalowapo. Mafilimu monga E.T. ya mu 1982 adabweretsa Halloween ya chiAmerica ku England, komwe kale usiku waukulu wa nyengoyi udali wa Guy Fawkes pa 5 Novembala. Chigaza cha pulasitiki chomwe mukuchiona m'sitolo chikukhudzana kwambiri ndi malonda kuposa mizimu.

Anzathu ena amati zonsezi ndi Gule Wamkulu wa azungu. Ayi. Gule, amene UNESCO idamuzindikira mu 2005 monga chuma cha Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amatuluka pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Chotuluka kudambwe ndi chilombo, ndipo wofunsa dzina la munthu amene ali m'katimo wapalamula. Pa phwando la kuno chisangalalo chonse chagona pa kuzindikirana, kuseka kuti kani ndi uje wa ku ofesi ija. Ngati pali cha kwathu choyandikirako, ndi malipenga a ku Nkhata Bay kapena beni wa Ayao, magule omwe adakula asilikali a King's African Rifles atabwerako ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amuna nkumavala ngati akuluakulu a asilikali ndi kuguba mwa iwo okha.

Pali mbali imodzi imene sindiitenga mopepuka. Kuyambira 1958 mpaka 1978 BBC inkaonetsa The Black and White Minstrel Show, momwe azungu ankadzipaka zakuda kumaso, milomo ndi maso zitazunguliridwa ndi utoto woyera, nkumaimba ndi kuvina monyoza anthu akuda. Mabanja mamiliyoni ankaonera. Mu 1967 bungwe la Campaign Against Racial Discrimination lidapempha kuti ithe, koma idapitirira zaka zina 11. Mu Januwale 2005 Prince Harry, ali ndi zaka 20, adajambulidwa atavala chizindikiro cha chipani cha Nazi pamkono, ndipo adapepesa. Manyuzipepala adalimbana ndi chizindikirocho, koma ine chimandiwawanso ndi mutu wa phwandolo, woti alendo avale ngati atsamunda ndi anthu olamulidwa ndi atsamunda. Zidasintha ndithu: mu 2020 mabungwe a gule wachikale wa Morris adagwirizana zosiya kudzipaka zakuda nkhope yonse. Komabe mukapeza munthu kuntchito atadzipaka khungu kapena atavala zikopa ndi mkondo akuti ndi Mwafirika, muli ndi ufulu wodandaula kwa akuluakulu, ndipo lamulo la Equality Act la 2010 limateteza wantchito ku chipongwe chokhudza mtundu wake.

Kwa makolo, zofunika kudziwa nzochepa. Palibe amene amakakamizidwa. Ana amagogoda pa nyumba zomwe zaika dzungu loyaka kapena zokongoletsa, ndipo mukazimitsa nyali ya pakhomo ambiri amangodutsa. Mukalola mwana kupita, mupite naye, chifukwa mawotchi amakhala atabwezedwa ndipo pofika 5 koloko kwada kale. Samalani ndi makandulo, poti zovala zambiri zotchipa sizichedwa kugwira moto. Ngoziyi njakale: mu Januwale 1393 ku Paris mfumu Charles VI ndi anzake asanu adavina atavala nsalu zopakidwa phula, mng'ono wake adayandikiza muuni, ndipo anayi adafa ndi moto.

Tsiku lomwe limasautsa makolo ambiri si Halloween ayi, ndi World Book Day, Lachinayi loyamba la Malichi. Cholinga chake nchoti mwana aliyense alandire kapepala kogulira buku la paundi imodzi, koma m'masukulu ambiri lidasanduka mpikisano wa zovala zogula, mpaka aphunzitsi ena adayamba kuuza makolo kuti asagule kanthu. Musalowe m'ngongole. Kalulu wa m'nthano zathu amangofuna makutu a katoni. Buku la William Kamkwamba wa ku Kasungu, The Boy Who Harnessed the Wind, lili ndi mtundu wina wolembera ana wokhala ndi zithunzi, ndipo mutha kulifunsa ku laibulale ya m'dera lanu. Mwana atha kupita atavala malaya ake a masiku onse, atanyamula makina amphepo opangidwa ndi katoni ndi kamtengo, bukulo lili m'manja kuti aphunzitsi akafunsa awawerengere anzake.