Utuchi wa ku Kitwe ndi Ndola: kuchokera ku migodi, kodi ufika ku chipatala?

Mgodi wa Nkana ku Kitwe utayamba kutulutsa mkuwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, nkhalango za Copperbelt zinaona zakuda. Pansi pa nthaka pankafunika mizati yoti thanthwe lisagwere anthu, kunjaku ng'anjo zikumeza nkhuni usana ndi usiku. Poti mitengo ya miombo imakula mochedwa, m'zaka za m'ma 1960 boma linayamba kudzala paini ndi bulugamu. Mu 1982 minda imeneyi inakhala m'manja mwa ZAFFICO, kampani yomwe likulu lake lili ku Ndola.

Matabwa ndi mapolo a magetsi anapeza msika. Utuchi wokha ndiwo unasowa mwini. Umaunjikana kuseri kwa macheka, wina n'kumangofuka utsi.

Komatu mu utuchimo muli lignin, chinthu chomwe chimamata ulusi wa mtengo kuti uime chilili. Pa makilogalamu 4 a paini wouma, pafupifupi kilogalamu imodzi ndi lignin. Katswiri wa ku France, Anselme Payen, anasiyanitsa ulusiwo ndi chomatacho mu 1838, ndipo kwa zaka zambiri mafakitale a mapepala akhala akungochitentha ngati nkhuni.

Ena sanachitaye. Ku Sarpsborg m'dziko la Norway, kampani ya Borregaard imapanga nacho vanillin, chonunkhiritsa makeke. Ku Russia kuli mankhwala otchedwa Polyphepan, ufa wa lignin womwe umayamwa poizoni m'matumbo a munthu wotsegula m'mimba. Masiku ano ofufuza akuyesa lignin pa zomangira mabala, chifukwa amalepheretsa mabakiteriya ena kuswana, komanso pa mafuta oteteza khungu ku dzuwa, nkhani yofunika kwambiri kwa abale athu achialubino. Zambiri mwa izi zikadali m'malabotale, sizinafike m'mafamase.

Chopweteka mtima n'chakuti zofunika zonse zili pafupi. Yunivesite ya Copperbelt, yomwe inakhazikitsidwa mu 1987, imaphunzitsa sayansi ya mitengo ku Kitwe, pomwe sukulu yake ya udokotala ili ku Ndola, mzinda womwenso muli malo ofufuzira matenda omwe ankatchedwa Tropical Diseases Research Centre. Mtunda wa pakati pa mizinda iwiriyi ndi makilomita pafupifupi 60 basi.

Akatswiri a mitengo ndi madokotala akhale pansi pamodzi, boma liike ndalama, ayambe kuyeza lignin wa paini ndi bulugamu wa konkuno.